Duwa la cow cockle likamakanika m'munda wa ku Johannesburg: gwero la vutoli ndi kakonzedwe kake

Chaka chilichonse, mvula yoyamba ikagwa mu Okutobala, ndimamva dandaulo lofanana kuchokera kwa abale athu amene amasamalira minda ya maluwa m'makomo a ku Randburg, Bryanston, Roodepoort ndi madera ena a mzinda uno. Eni nyumba amabweretsa kapaketi ka njere kolembedwa kuti cow cockle, kapena Vaccaria hispanica, kapenanso Saponaria vaccaria, ndipo amafuna bedi lodzaza ndi timaluwa tapinki tofanana ndi ta pachithunzi cha papaketipo. Wantchito amalima bwino, amathira manyowa, amafesa ndi kuthirira mokhulupirika, koma pakatha masabata atatu pabedipo pamakhala patamera tizomera tisanu tokha, kapena mbande zimatuluka zambiri n'kufota zonse m'masiku ochepa. Zikatero mlandu umagwera wantchito, ndipo amayamba kukayikiridwa ngati ntchitoyo amaidziwadi, chonsecho ndi munthu amene anakulira pa khasu. Ine vuto limeneli linandisautsa zaka ziwiri zotsatizana, ndipo pamapeto pake ndinazindikira kuti chimene chinkandilakwitsa ndi luso lomwe lija limatipindulitsa kwathu pa fodya, tomato ndi mpiru: kudikira mvula, kufesa pa nazale, kuwokera, ndi kuthira manyowa ochuluka. Zinayi zonsezi chomerachi sichizifuna.

Chifukwa chake chili m'kumene chinachokera. Cow cockle ndi chomera cha m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean ndi kumadzulo kwa Asia, ndipo kumeneko chakhala chikumera chokha m'minda ya tirigu kuyambira kalekale. M'madera ambiri amenewo mvula imagwa m'nyengo yozizira, choncho njere yake inazolowera kudzuka nthaka ikakhala yozizira ndi yonyowa, kukula mofulumira, kuchita maluwa kukayamba kufunda, kenaka kuuma dzuwa likafika pachimake. Johannesburg ndi wosemphana ndi zimenezo. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yaikulu, mvula yake ya mamilimita pafupifupi 700 pachaka imagwa m'miyezi yotentha, kuyambira Okutobala mpaka Epulo, ndipo miyezi yozizira imakhala youma gwa. Amene afesa ndi mvula yoyamba amaika njereyo m'nthaka panthawi imene iyo mwachibadwa imayenera kukhala chigonere.

Tsimikizani kaye kuti chomera chake n'chimenechi

Maina atatu ndatchula aja asakusokonezeni, chifukwa onse ndi a chomera chimodzi. Katswiri wa zomera wa ku Sweden, Carl Linnaeus, anachitcha Saponaria vaccaria mu 1753, pambuyo pake akatswiri anachipatsa gulu lakelake la Vaccaria, ndipo posachedwapa ambiri achisamutsira m'gulu la Gypsophila, motero m'mabuku atsopano mudzachipeza chikutchedwa Gypsophila vaccaria. Chili m'banja la Caryophyllaceae, limodzi ndi carnation ndi baby's breath, maluwa amene ambiri a ife tinawaona m'mipukutu ya paukwati kapena pamsika wa maluwa wa Multiflora ku City Deep.

Kuchizindikira chikadali chaching'ono n'kofunika kwambiri, pakuti mbande zambiri zimatha ndi dzanja la wopalira amene waziyesa udzu. Masamba ake ndi osalala, alibe ubweya ngakhale pang'ono, ndipo mtundu wake ndi wobiriwira motuwira ngati wa kabichi, chifukwa ali ndi phula lopyapyala pamwamba pake. Amamera awiriawiri moyang'anizana pa mfundo iliyonse, alibe kamtengo kowalumikiza ku tsinde, ndipo a kumtunda amakumbatira tsindelo m'munsi mwawo. Chomera chikakula chimafika masentimita 30 mpaka 70, nthawi zina kuposerapo, ndipo nthambi zake zimagawikana pawiri, iliyonse n'kugawikananso pawiri, duwa limodzi likukhala pamphanda. Chizindikiro chosalephera chili kunsi kwa duwa: timasamba tisanu tapinki timatuluka m'kachikho kobiriwira kamene kali ndi ngodya zisanu zotukuka ngati timapiko, ndipo duwa likafota kachikhoko kamafufuma n'kukhala ngati kabotolo. Mukatsegula duwalo mupezamo tiulusi khumi tonyamula mungu ndi tiwiri tolandira munguwo. Pali chomera china cha banja lomweli chotchedwa corn cockle, kapena Agrostemma githago, chimene dzina lake limasokoneza anthu m'sitolo. Icho chili ndi ubweya, maluwa ake ndi aakulu, ndipo nsonga zobiriwira za kachikho kake zimatalika kupitirira timasamba ta duwa. Ngati chomera chanu chili ndi ubweya, si cow cockle.

Njere sizikumera

Ili ndilo vuto limene limabwera kawirikawiri, ndipo musanathamangire kunena kuti njere zinali zakufa, dzifunseni kuti munafesa mwezi uti. Njere za cow cockle zimamera bwino nthaka ikakhala yozizira, kufupi ndi madigiri 10 mpaka 15, ndipo kutentha kukachuluka zambiri zimangokhala m'nthaka osadzuka ngakhale madzi alipo okwanira. Mu Novembala ndi Disembala bedi lopanda mthunzi limatentha masana mpaka kuwotcha chikhatho, ndipo pamenepo kuthirira kowonjezera sikuthandiza kanthu, kumangowoletsa njere zimene zikanadikira nyengo yake.

Kuno nthawi zofesera zimene zandiyendera bwino ndi ziwiri. Yoyamba ndi kumapeto kwa Malichi mpaka mu Epulo, pamene maluwa a cosmos akutha m'mbali mwa misewu ndipo usiku wayamba kuzizira koma nthaka ikadali ndi chinyezi cha mvula yomaliza. Mbande zimamera, zimakhala zazifupi m'miyezi ya Juni ndi Julayi zikukhwimitsa mizu, kenaka zimakwera ndi kuchita maluwa kukayamba kufunda. Yachiwiri ndi mu Ogasiti, kuzizira kukamatha, kuti maluwa adzatuluke mu Okutobala mvula yamphamvu isanakhazikike. Ngati munda wanu uli kutsetse, kufupi ndi mtsinje wa Jukskei kapena Braamfontein Spruit kumene mpweya wozizira umatsikira usiku ndipo udzu umadzuka utayera ndi chisanu, sankhani Ogasiti. Mbande zimapirira chisanu chochepa, koma cha m'zigwa zimenezo chimabwera usiku ndi usiku pa nthaka youma, ndipo chimazifooketsa.

Samalani ndi malangizo a papaketi ngati njerezo zinachokera ku Ulaya kapena ku America. Miyezi yolembedwapo ndi ya kumpoto kwa dziko lapansi, kumene Malichi ndi chiyambi cha kufunda, pamene kuno ndi chiyambi cha kuzizira. Chimene muyenera kutolapo ndi nyengo imene akunena, osati dzina la mwezi. Ndi bwino kuwafotokozera eni nyumba zimenezi mwaulemu pa tsiku limene akupatsani paketiyo, kusiyana ndi kufesa pa nthawi yolakwika chifukwa choopa kuoneka ngati mukukana ntchito, n'kudzayankha mlandu pambuyo pake.

Ngati mwezi unali woyenera koma pabedi palibe kanthu, yesani njerezo musanatayenso nthawi. Tengani njere 20, ziikeni pa kansalu konyowa, kulungani, ikani m'kapulasitiki, ndipo musunge pamalo ozizira m'nyumba. Pakatha masiku 14 werengani zimene zatulutsa kamuzu. Zikamera zoposa theka, njere zilibe mlandu ndipo vuto lili pabedi. Zikamera zochepa kwambiri, ikani kansalu komweko m'munsi mwa firiji kwa sabata imodzi kapena awiri, osati m'chipinda chowumitsira nyama, kenaka mutulutse ndi kuyang'ananso. Njere zimene mwangokolola kumene nthawi zambiri zimakhala zidakali m'tulo, ndipo kuzizira kotereku kumazidzutsa. Zikakanabe ndiye kuti zinatha mphamvu, mwina chifukwa chosungidwa pamalo otentha monga m'shedi ya malata.

Vuto likakhala pabedi, kawirikawiri ndi kuya kapena mbalame. Njere yake ndi yakuda, yobulungira, ya mamilimita pafupifupi 2, yofanana ndi ya mpiru koma yokulirapo. Ikwirireni ndi dothi losapitirira sentimita imodzi. Mukaisiya pamtunda njiwa zimaitola m'mawa womwewo, ndipo mukaikwirira kwambiri m'dothi lamakande limene limauma n'kupanga chikhakha pamwamba, mphukira imalephera kuboola. Mu Ogasiti mphepo imaumitsa pamwamba pa bedi m'maola ochepa, choncho yalani udzu wouma wopyapyala kapena ukonde wa mthunzi mpaka mbande zitaonekera, ndipo muuchotse tsiku lomwelo zikatuluka. Kumbukiraninso kuti kuyambira Sepitembala mpaka Malichi malamulo a madzi a mzinda uno amaletsa kuthirira munda pakati pa 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo. Pa chomera ichi ndi bwino kulawirira m'mamawa kusiyana ndi kuthirira usiku, pa chifukwa chimene ndichifotokoze tsopano.

Mbande zamera koma zikufa

Pano muyenera kugwada ndi kuyang'ana pamene tsinde lakhudzana ndi dothi, chifukwa imfa zitatu zosiyana zimaoneka zofanana mukaziyang'ana muli chilili.

Ngati tsinde laonda pamenepo ngati ulusi, lada, ndipo mbande yagwa chammbali ikadali yolumikizika ku muzu, amenewo ndi matenda a nkhungu za m'nthaka zimene zimakonda chinyezi chosatha. Amayamba pamalo amodzi n'kufalikira mozungulira. Zulani zodwalazo pamodzi ndi dothi lozungulira, lekani kuthirira mpaka pamwamba pa bedi patauma, ndipo patulirani zotsalazo kuti mphepo izidutsa. Kuthirira usiku kumasiya tsinde lonyowa mpaka kucha, ndipo ndi chimene nkhunguzo zimafuna. Mbande imene yagwa kale siidzukanso, ngakhale mutapopera mankhwala otani.

Ngati tsinde ladulidwa mwaukhondo ngati ndi lumo, ndipo mutu wa mbande wagona pambali uli wobiriwira, ndi mbozi zodula mbande, zimene zimadya usiku ndi kubisala masana. Fukulani ndi chala mozungulira mbande yodulidwayo ndipo mupeza mbozi yotuwa itadzipinda. Kuzitola ndi manja masiku atatu kapena anayi otsatizana kumathetsa vutoli pa bedi laling'ono. Nkhono nazo zimadya mbande, koma zimasiya mzere wonyezimira umene sungabisike.

Imfa yachitatu ndi imene imatigwira ife ozolowera nazale. Mbande inali yathanzi m'thireyi, mwaiwokera mosamala, koma yaima osakula, kenaka yatulutsa timaluwa tiwiri ikadali yaifupi ngati chala n'kuuma. Cow cockle ali ndi muzu umodzi waukulu wolunjika pansi, ndipo muzuwo ukaduka kapena ukapindika m'thireyi, chomera sichipanga wina wolowa m'malo mwake monga amachitira tomato. Moyo wake ndi waufupi moti chilibe nthawi yochira, choncho chimathamangira kubereka njere chisanafe. Mankhwala ake ndi amodzi okha, kufesa pamalo pomwe chidzakulire. Zikamera mothinana, patulirani pozula zofooka n'kutaya, kusiya mpata wa masentimita 15 mpaka 20. Ndikudziwa kuti kutaya mbande yabwino kumapweteka mtima wa mlimi, ndipo dzanja limafuna kukaibzala pena, koma zowokeredwazo sizidzakupatsani duwa loti n'kulidula.

Zakula bwino koma zikugwa

Chomera chotalika, cha masamba obiriwira kwambiri, chimene chikugona pansi maluwa asanachuluke, chadya mopitirira. Manyowa a nkhuku ndi feteleza wa kapinga ali ndi nayitirojeni wambiri, ndipo amakulitsa tsinde lofewa limene silingathe kunyamula nthambi zake. Bedi loyandikana ndi kapinga limalandira fetelezayo ngakhale simunafune, chifukwa madzi amamukokolola. Chomerachi chinazolowera nthaka yosauka, ndipo kompositi wochepa wowola bwino ndi wokwanira. Mthunzi nawo umachititsa zomwezo: pansi pa jacaranda kapena kuseri kwa mpanda wautali zomera zimatalika mopendekera kufunafuna dzuwa. Zimafuna dzuwa la maola osachepera asanu ndi limodzi patsiku.

Ngakhale zonse zili bwino, tsinde la cow cockle ndi lopyapyala ndipo limathyoka msanga pa mfundo. Mvula yamabingu ya masana imene timaidziwa kuno, makamaka ikabwera ndi matalala, imatha kugwetsa bedi lonse m'mphindi khumi. Zomera zikafika masentimita 15, zikani timitengo tanthambinthambi pakati pawo kuti zikule zikutsamira, kapena kokani ukonde wa mabowo aakulu mopingasa pamwamba pa bedi kuti zidutsemo. Kuchita zimenezi zitagwa kale n'kuchedwa, pakuti pozidzutsa zimathyoka. Ichi ndi chifukwa chinanso chofesera msanga, kuti maluwa adzathe nyengo ya matalala isanafike pachimake.

Masamba achikasu ndi zomera zopinimbira

Mukazula chimodzi n'kupeza muzu wabulauni, wofewa ndi wonunkha, madzi akuima pansi. Kwezani bedi ngati mzere wa mbatata, ndipo musabzale pamene madzi a padenga amatsikira. Muzu ukakhala woyera koma chomera chikupinimbirabe, ganizirani za asidi wa m'nthaka. Nthaka yofiira ya m'madera ambiri a Highveld, chigawo chokwera chimene muli Johannesburg, imakhala ndi asidi, pamene chomerachi chimakonda nthaka ya laimu, monga achibale ake a Gypsophila, amene dzina lawo limatanthauza okonda gypsum, mwala woyera wofewa wooneka ngati choko. Mabedi amene munali azalea, camellia kapena hydrangea nthawi zambiri anathiridwa kompositi wa asidi mwadala, ndipo si malo ake. Wazani laimu wa ulimi, dzanja limodzi pa sikweya mita iliyonse, mwezi umodzi musanafese, ndipo mumusakanize ndi dothi. Phulusa la nkhuni zenizeni limagwiranso ntchito yomweyo likakhala lochepa, koma la malasha ndi la matabwa opakidwa penti kapena mankhwala musaliyandikize ku munda.

Maluwa atha msanga

Apa palibe matenda. Cow cockle amakhala nyengo imodzi yokha, amachita maluwa masabata ochepa, ndipo akamaliza amauma yense kuyambira pansi. Palibe madzi kapena feteleza amene angamubweze, ndipo eni nyumba ayenera kuuzidwa zimenezi pachiyambi kuti asadzaganize kuti mwasiya kuthirira. Kudula maluwa a m'vazi kawirikawiri, pamene ochepa atseguka ndipo ena akadali mphukira, kumatalikitsa nyengoyo pang'ono. Njira yodalirika ndi kugawa njere patatu ndi kufesa motalikirana masabata awiri kapena atatu, malinga zonse zilowe m'nthaka kutentha kusanafike.

Chikumera pamene simukuchifuna

Vuto lomaliza ndi losemphana ndi loyamba lija, ndipo ndi limene ndimalitenga mozama kuposa onse. Kachikho kofufuma kaja kamabisa kabotolo ka njere kamene kamatseguka pamwamba ndi mano anayi, ndipo chomera chikauma chimathothoka m'munsi n'kugubuduzika ndi mphepo chikumwaza njere m'njira monse. Umu ndi mmene chinakhalira udzu wovutitsa m'minda ya tirigu ku Canada, ku America ndi ku Australia, maiko amene sichinali kwawo. M'munda wa pakhomo chidzamera m'mabedi a masamba, m'ming'alu ya njerwa ndi pa mulu wa kompositi, ndipo njere zina zimadikira m'nthaka n'kudzamera chaka chinacho. Kuchizula n'kosavuta chikadali chaching'ono, popeza muzu wake ndi umodzi ndipo sichiphukiranso. Chofunika ndi kuchotsa zomera zonse timabotolo tisanade, kupatula ziwiri kapena zitatu zimene mwasankha kuti zikupatseni mbewu, ndipo zouma zokhala ndi njere musaziponye pa kompositi.

Njerezo zili ndi mankhwala otchedwa saponin, amene amachita thovu ngati sopo mukazisinja ndi kuzikhutchumula m'madzi, ndipo zikadyedwa zambiri zimapweteka m'mimba mwa ziweto ndi anthu. Abale amene amaweta nkhuku kapena akalulu kuseri kwa nyumba, kaya m'mapuloti a kunja kwa mzinda, asawaponyere zinyalala za bedi limeneli, ndipo njere zosungidwa zikhale kutali ndi ana, chifukwa maonekedwe ake ndi a mbewu ya ndiwo. Dzina la Vaccaria linachokera ku mawu a Chilatini akuti vacca, kutanthauza ng'ombe, ndipo ku China njerezi zimatchedwa wang bu liu xing, asing'anga a kumeneko amazigwiritsa ntchito pofuna kuthandiza amayi oyamwitsa ndiponso amazimata pa khutu ndi kapulasitala pochiza mwa kukanikiza. Zimenezi zisachititse munthu kutenga njere za m'paketi ya maluwa n'kupatsa mayi woyamwitsa. Asing'anga omwewo amaletsa amayi oyembekezera kuzimwa, ndipo njere zogulitsidwa kuti zifesedwe nthawi zina zimakhala zopakidwa mankhwala ophera nkhungu. Mayi amene mkaka ukumuvuta apite ku chipatala.

Ndikupemphanso amene mumakonda kutengera kumudzi mbewu za maluwa okongola a kuno kuti ichi chokha musachiike m'chikwama pokwera basi ya ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Kudutsa ndi mbewu pa chipata cha Beitbridge kapena cha Mwanza kumafuna chilolezo cha a zaulimi, ndipo kupatula lamulolo, madera ozizira a kwathu monga Tsangano ndi mapiri a Neno, kumene anthu amalima tirigu, ndi malo enieni amene chomerachi chingakhazikike n'kusakanikirana ndi zokolola.

Za mbewu yanu ya chaka chamawa, dikirani mpaka timabotolo tasanduka tabulauni ndipo njere zikulira mukagwedeza. Dulani chomera chonse m'mawa, chilowetseni chozondoka m'thumba la pepala, ndipo mulipachike pamalo ouma kwa masabata awiri. Mukapuntha ndi kupeta, sungani njerezo m'botolo lotsekeka bwino m'chipinda chozizira, mutalembapo dzina la chomeracho, mwezi umene mwakolola, ndi mawu akuti si zodya.